Mneni wa Chilatini madeo: alibe mbali yachinayi, nanga ndi wachibale wa madzi?

Yohane wa ku Makawa:

Moni nonse. Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Makawa, ndipo Chilatini ndikudziphunzitsa ndekha madzulo ndikamaliza kuchonga makope a ana. Ndili ndi mabuku awiri amene anasiya malume anga, omwe anapitako ku seminale kalekale. Lina ndi galamala yopanda chikuto, lina ndi dikishonale yaing'ono imene chiswe chinadya kuyambira pa T mpaka kumapeto.

Sabata ino ndaima pa mawu atatu a Virgil, mlakatuli wa Chiroma, m'buku la 12 la ndakatulo yake yaitali ya Aeneid, amene galamalayo yapereka ngati chitsanzo: *sanguine terra madet*. Ine ndamasulira kuti "nthaka ikunyowa ndi magazi", popeza *madet* ali m'nthawi ya tsopano. Kodi zili bwino choncho?

Chimene chikundisokoneza kwambiri ndi dikishonale. Aneni ena imawapatsa mbali zinayi, monga *moneo, monere, monui, monitum*. Koma uyu yalemba *madeo, madere, madui*, kenako kamzere basi. Sindikudziwa ngati osindikiza anaiwala kapena ndi mmene alili. M'munsi mwake muli *madesco, madescere, madui*, ndiye kuti *madui* yemweyo akupezeka pawiri. Aneni awiri angagawane bwanji mawu amodzi? Komanso mu *sanguine* sindikuona mawu oimira "ndi".

Funso lomaliza ndi limene landisowetsa tulo. Ndikamatchula *madeo, madet, madent*, khutu langa likumva "madzi". Tanthauzo lakenso ndi la kunyowa. Kodi zangochitika, kapena pali ubale wakalekale? Amene anaphunzira bwino chinenerochi andithandize.

Kondwani wa ku Mpondasi:

Aphunzitsi, za galamalazo ndisiyira akuluakulu, koma pa funso lomalizalo ine ndikuona kuti ubale ulipo. Mawu awiri sangafanane kamvekedwe n'kufanananso tanthauzo popanda chifukwa. Aroma anamenyana ndi Carthage, ndipo Carthage anali mu Africa muno. Anatenga akapolo, anachita malonda. N'chiyani chikanaletsa kuti mawu ena athu alowe m'chinenero chawo? Nthawi zonse timauzidwa kuti ife ndi amene tinabwereka kwa azungu, sukulu, buku, tebulo. Bwanji osaganiza kuti nawonso anatengako kwa ife?

Agogo a Tadala, ku Malindi:

Aphunzitsi a ku Makawa, zikomo pofunsa, ndipo mtima wanga wakondwa kumva kuti kutsidya uko kuli munthu amene akulimbana ndi Virgil. Ine ndinaphunzitsa Chilatini ndi Chichewa ku sekondale mpaka kupuma ntchito. Mneni ameneyu ndimamukonda chifukwa wolankhula Chichewa amamumva msanga kuposa amene akudzera m'Chingerezi, bola Chingerezicho achiike kaye pambali n'kuganiza m'chinenero chake.

Ndiyambe ndi kumasulira kwanu. *Madet* alidi m'nthawi ya tsopano, koma sakunena kuti chinachake chikuchitika. Akunena mmene chinthu chilili. Ife tikati "nthaka ikunyowa" ndiye kuti madzi akulowa panopa, ntchito ili m'kati. Tikafuna kunena mmene nthakayo ilili timati "yanyowa" kapena "ndi yonyowa". Timatero tsiku lililonse osaganizira n'komwe: mwana wagona, nyemba zapsa, ndatopa, mbuzi yanenepa. Mneni akuoneka ngati wa chinthu chochitika kale, koma tikukamba za panopa. Choncho *terra madet* ndi "nthaka yanyowa". Pamalo amenewa ine ndikanapitirira n'kunena kuti "yakhathamira", chifukwa mawu onse a pamalopo amati *ubi plurima fuso sanguine terra madet*, magazi okhetsedwa, ndipo nthaka yaikulu ndithu. Turnus, mdani wamkulu wa Aeneas, ngwazi ya ndakatuloyi, wadumpha m'galeta lake, akuthamangira ku linga la mzinda kumene nkhondo yafika poipa. Sakufika kudzaona magazi akuyamba kudontha ayi. Akupeza dothi litamwa kale, mikondo ikulira m'mwamba, ndipo pomwepo akukweza dzanja kuuza asilikali kuti aleke, atsale iye ndi Aeneas awiriwiri. Mukaika "ikunyowa" mwachepetsa zimene maso ake anaona.

"Ikunyowa" yanuyo iliponso m'Chilatini, ndipo ndi mneni wachiwiri uja mwamuona m'munsi: *madescit*. Ka *-sc-* kameneko kamatanthauza kuyamba kukhala choncho, kulowa mumkhalidwewo. Virgil yemweyo anamugwiritsa ntchito m'buku la 5. Ali ku Sicily, amayi a ku Troy atopa ndi ulendo wapanyanja wosatha, ndiye ayatsa zombo. Aeneas apemphera kwa Jupiter, mulungu wawo wamkulu, kugwa chimvula, ndipo wolemba akuti *semusta madescunt robora*, matabwa opserera mbali imodzi akunyowa. Apa tikuona madzi akulowa m'thabwa, moto ukugonja pang'onopang'ono. Zombo zinayi zinatheratu, zina zonse zinapulumuka. Munthu mmodzi, aneni awiri, ndipo sanawasakanize.

Pali wachitatu amene mumupeze patsamba lomwelo: *madefacio, madefacere, madefeci, madefactum*. Ameneyu ndi "kunyowetsa". Ife timaika *-ets-* pa tsinde, iwo amatenga *facio*, kutanthauza kuchita kapena kupanga, n'kumumata kumapeto. Mwa atatuwa ndi yekhayu amene ali woyambukira, amene amafuna pamtherankhani, ndipo onani kuti ndi yekhayo ali ndi mbali yachinayi. Yankho la kamzere kanu lili pamenepo. Osindikiza sanaiwale kanthu. Mbali yachinayi ndi imene imatipatsa mawu a msintho wochitidwa: *monitus* ndi wochenjezedwa, *madefactus* ndi wonyowetsedwa. Nafenso sitinena kuti nsalu "yanyowedwa". Timayamba tadutsa pa kunyowetsa, kenako n'kuti "yanyowetsedwa". Musatenge ngati lamulo la aneni onse osayambukira, chifukwa *venio*, kubwera, ali nayo *ventum*. Koma a mtundu uwu onena mmene chinthu chilili, ambiri alibe.

Ndipo alipo ambiri, onse a gulu lachiwiri, othera ndi *-eo*. Mukadziwa mmodzi mwadziwa mudzi wonse. Pitani pa thandala kudoko kwanuko. Usipa umene wayanikidwa m'mawa *arescit*, ukuuma. Wadzana uja *aret*, wauma. Dzuwa ndi limene *arefacit*, likuumitsa. Ndipo wogulitsa akaloza mulu wake, usipawo ndi *aridus*, wouma. Chimodzimodzi *caleo, calesco, calefacio*, mfotokozi wake *calidus*, dzina lake *calor*, zonse za kutentha. *Tepeo* ndi wa kufunda. Kwa wathuyu mfotokozi ndi *madidus*, dzina ndi *mador*, ngakhale dzinalo simudzakumana nalo kawirikawiri. Kasinthidwe kake n'kofanana ndi *moneo* amene mukumudziwa kale: *madeo, mades, madet, mademus, madetis, madent*, kale *madebam*, m'tsogolo *madebo*.

Za "ndi", ali m'kati mwa dzinalo. Magazi ndi *sanguis*, ndipo akasintha kukhala *sanguine*, maonekedwe a dzina amene galamala imawatcha ablative, akunena chimene chanyowetsa. *Vino madet*, wanyowa ndi vinyo. *Sudore madet*, ndi thukuta. Chenjerani ndi *cum* pamenepa. "Ndi" wathu amagwira ntchito ziwiri, "ndabwera ndi mlongo wanga" komanso "ndanyowa ndi thukuta", koma *cum* ndi wa ntchito yoyambayo, ya kutsagana. Ana anga a sukulu ambiri ankagwa pomwepa.

Tsopano a Kondwani. Mtima umene mwalankhulira ndikuumva, ndipo n'zoona kuti zinenero zathu zinanyozedwa nthawi yaitali. Koma pa mawu awa ubale palibe. Tawadulani bwino. "Madzi" ndi *ma-* kuphatikiza *-dzi*. *Ma-* ameneyo ndi mphatikiri wa gulu, yemweyo ali mu mafuta, magazi, malovu, ndipo si mbali ya tsinde. Achibale ake enieni tili nawo pafupi: anzathu a Chiyao amati *mesi*, Atumbuka ndi Aswahili amati *maji*, Azulu amati *amanzi*. Pamene mu *madeo* tsinde ndi *mad-* lonse, silidulika, ndipo *-eo* ndi amene amasintha. Ndiye chimene khutu likumva kuti chikufanana ndi mphatikiri wathu ndi theka la tsinde lawo. Komanso madzi enieniwo Aroma ankawatcha *aqua*.

Achibale a *madeo* ali kwina. M'Chigiriki muli *madao*, kukhala chonyowa, amene ankanenedwanso za tsitsi likamathothoka. Mu Sanskrit, chinenero chakale cha ku India, muli *madati*, kusangalala kapena kuledzera. Kuyambira pamene katswiri wa zinenero William Jones analankhula ku Calcutta mu 1786 kuti Sanskrit, Chigiriki ndi Chilatini zinachokera ku kholo limodzi, akatswiri akhala akufananitsa mawu mazanamazana, kuona ngati malembo akusintha motsata dongosolo lomwelo paliponse. Mawu awiri okha ofanana satsimikizira kanthu. Tsinde limene likupezeka ku Italy, ku Greece ndi ku India ndi lakale kwambiri kuposa nkhondo za Carthage, ndipo anthu a ku Carthage ankalankhula Punic, chinenero chapachibale ndi Chiheberi, osati ndi zathu za Bantu. Ngati tikufuna kunyadira, tinyadire kuti Chichewa chimasiyanitsa yanyowa, ikunyowa ndi akunyowetsa mosavutikira ngati Chilatinicho.

Mayi Nabanda, a kwaya kuno ku Boma:

Agogo, mwanditsegula maso pa chinthu chimene ndakhala ndikuimba osachidziwa. Pa Pentekoste nthawi zina timaimba *Veni Sancte Spiritus* m'Chilatini, ndipo muli ndime imene ndimaikonda chifukwa cha mmene mawu amagwera: *lava quod est sordidum, riga quod est aridum*, kenako *flecte quod est rigidum, fove quod est frigidum*. Ndimadziwa tanthauzo lake, tsukani chodetsedwa, thirirani chouma, pindani cholimba, funditsani chozizira. Koma ndimangoyesa kuti wolemba anasankha mawu othera mofanana kuti nyimbo ikome. Powerenga zimene mwalemba ndaona *aridus* wa usipa uja ali momwemo. Kodi enawo nawonso ali ndi aneni awo a *-eo*?

Chinanso ndi katchulidwe. Abambo amene anatiphunzitsa nyimbozi ankati *sc* akatsogozana ndi *e* kapena *i* tizitchula "sh". Ndiye *madescit* ine ndikuwerenga "madeshit". Mwana wanga amene anaphunzirako Chilatini ku Chancellor College ku Zomba amanditsutsa, amati ndi "k". Atiweruze ndani?

Yohane wa ku Makawa:

Agogo, zikomo kwambiri. Ndakopera zonse m'kope. Za *-sc-* ndazimva bwino, ndipo ndabwerera pa mzere uja n'kulemba "yakhathamira". Koma *madui* simunamukhudze. Ndikamupeza m'chiganizo ndidziwa bwanji kuti ndi wa *madeo* kapena wa *madesco*?

Ndaonanso kuti dikishonale yaika matanthauzo ena m'munsi, kuledzera ndi kupsa kwa chakudya. Kuledzerako mwakutchula pa Sanskrit, koma kupsa kukugwirizana bwanji ndi kunyowa? Galamala ikutchulanso mneni wina wa kunyowa woyamba ndi U, ndipo tsamba lake lili m'gawo lodyedwa lija. Amasiyana pati ndi *madeo*?

Agogo a Tadala, ku Malindi:

Mayi Nabanda, onse anayi ali ndi aneni awo: *sordeo, areo, rigeo, frigeo*, kuda ndi litsiro, kuuma, kulimba gwa, kuzizira. Wolemba nyimboyo anasankha mawu onena mmene chinthu chakhalira, ndipo kutsogolo kwa aliwonse anaika lamulo lopempha Mzimu kuti asinthe mkhalidwewo. Kukoma kwa ndimeyo kwagona pomwepo, osati pa kamvekedwe pokha. Za katchulidwe, inu ndi mwana wanu nonse muli ndi mfundo. M'nthawi ya Cicero ndi Virgil *c* ankamveka "k" paliponse, ndiye "madeskit", "madefakit". Mpingo umatsata katchulidwe ka ku Italy, ndiye "madeshit", "madefachit". M'kwaya imbani monga anakuphunzitsirani abambo. Aphunzitsi a ku Makawa, poti mukuwerenga Virgil, ine ndikanakonda mutatenga ka "k".

Za *madui*, pa maonekedwe simungawasiyanitse, ndipo Aroma eniakewo sankavutika nazo. Ka *-sc-* kamakhala m'tsinde la nthawi ya tsopano lokha, ndi nthawi zomangidwa pa tsindelo. Mukafika pa perfect, nthawi yakale imene ili mbali yachitatu ija, kamagwa, ndiye aneni awiri aja amakumana. *Caleo* ndi *calesco* amakumana pa *calui*, *areo* ndi *aresco* pa *arui*. Chiganizo ndi chimene chimakuuzani. Ngati pali chinthu chimene chachitika mwadzidzidzi, mvula yagwa, munthu wabayidwa, *maduit* ndi "chinanyowa". Ngati akufotokoza mmene zinthu zinakhalira kwa kanthawi, ndi "chinali chonyowa", ngakhale pa tanthauzo limenelo kawirikawiri mudzapeza *madebat*.

Matanthauzo enawo ndi amene amaonetsa kuti awa anali mawu a m'khitchini ndi pamowa, osati a alakatuli okha. Plautus, wolemba masewero amene anamwalira mu 184 BC, ndi amene amatimvetsa Chilatini cha anthu wamba. M'sewero lake la Menaechmi muli wophika dzina lake Cylindrus, amene akulonjeza kuti zakudya *madebunt*, kutanthauza kuti zipsa posachedwa. Ganizo lake n'lakuti chowiritsa chimamwa madzi mpaka kufewa. Kwa iwo chophika m'madzi chikapsa chanyowa mpaka m'kati. M'sewero lina, Mostellaria, mnyamata Philolaches wamva kuti bambo ake abwerako ku ulendo, iye atamwaza chuma chawo, ndipo akuti *madeo metu*, ndanyowa ndi mantha. Ife tikanati thukuta lili kamukamu. Onaninso ablative uja, *metu*, wopanda mperekezi.

Pa mowa, woledzera anali *madidus*, ndipo wosalawa anali *siccus*, wouma. Ife timati wakhuta mowa, timaona mimba yodzaza. Iwo ankaona munthu woviikidwa. Mlakatuli Horace anasewera ndi tanthauzo limeneli mokoma kwambiri m'ndakatulo ya 21 ya m'buku lachitatu la Odes, limene linatuluka mu 23 BC. Akulankhula ndi mtsuko wa vinyo, akuuuza kuti mnzake Corvinus sadzaukana ngakhale *Socraticis madet sermonibus*, wakhathamira ndi nkhani za Socrates, wanzeru wa ku Greece. Munthu wanyowa kale ndi nzeru za m'mabuku, komabe malo a vinyo alipo. Mukamasulira *madet* ameneyo kuti "amadziwa bwino" mwapha ndakatulo yonse.

Wa U uja ndi *umeo, umere*, mfotokozi wake *umidus*, dzina lake *umor*. Kawirikawiri ameneyu ndi wa chinyezi, monga cha khoma la nyumba mu February. *Madeo* ndi wolemera kuposa apo, ndi wa munthu amene wavumbwa ndi mvula, madzi akuchita kuchucha. M'mabuku a pambuyo pake mudzaona *humidus* ndi *humor* okhala ndi *h*, chifukwa anthu anayamba kuwagwirizanitsa ndi *humus*, dothi, ndipo mawu a Chingerezi akuti humid anachokera kumeneko ndi *h* wakeyo.

Poti ndife anthu a kunyanja, ndiwonjezere chimodzi. Mlakatuli Ovid, pofotokoza chigumula m'buku loyamba la Metamorphoses, akuti *madidis Notus evolat alis*, mphepo ya kummwera ikuuluka ndi mapiko onyowa. Ku Italy mphepo ya kummwera imadutsa pa nyanja ya Mediterranean ndipo imabwera ndi mvula. Ana anga a kuno ankadabwa nazo, chifukwa mwera wathu ndi wa m'nyengo yozizira, June ndi July, umautsa mafunde n'kutsekereza asodzi kumtunda koma mvula ayi. Mvula yathu timaiyembekezera ndi mpoto. Pomasulira siyani kummwera kukhale kummwera, koma owerenga anu muwauze zimenezi, apo ayi adzaganiza kuti Ovid sankadziwa nyengo.

Che Ajasi wa ku Namwera:

Ine Chilatini sindichidziwa, ndimangowerenga zokambirana zanuzi chifukwa zimandisangalatsa. Ndimachita geni ya nandolo ndi chimanga, ndipo ndimaoloka pa Chiponde kupita ku Mandimba pafupipafupi, choncho Chipwitikizi cha pamsika ndimachimva. Amati chinachokera ku Chilatini. Koma thumba likavumbwa pamsewu, ogula kumeneko amati *está molhado* n'kutsitsa mtengo. Sindinamvepo mawu oyamba ndi *mad-* pa nkhani ya kunyowa. Ndiye mneni wanuyu anathera kuti, Agogo?

Agogo a Tadala, ku Malindi:

Che Ajasi, khutu lanu silinakunamizeni. *Madeo* sanapitirire pakamwa pa anthu wamba. Chilatini chitayamba kugawika, anthu anatenga mfotokozi *mollis*, chofewa, n'kupangapo mneni watsopano wotanthauza kufewetsa ndi madzi. Ameneyo ndiye anabala *molhar* wa Chipwitikizi, *mojar* wa Chisipanishi ndi *mouiller* wa Chifalansa. Ndi ganizo lomwe lija la wophika wa Plautus, kunyowa ndi kufewa kuyendera limodzi, kungoti mawu ndi ena. Ataliyana anatenga njira yawo, amati *bagnato*, kuchokera ku *balneum*, malo osambira. *Madido* alipo m'Chitaliyana, monga ponena za munthu wonyowa ndi thukuta, koma ndi mawu a m'mabuku amene ophunzira anakatenganso ku Chilatini.

Aphunzitsi a ku Makawa, ndikusiyireni ntchito. Ukonde ndi *rete*, mvula yamphamvu ndi *imber*, msodzi ndi *piscator*. Mundilembere m'Chilatini ziganizo izi: ukonde wanyowa, ukonde ukunyowa ndi mvula, mvula inanyowetsa msodzi, asodzi anali onyowa ndi thukuta. Pa chachiwiri ndi chachinayi kumbukirani za *cum*. Mukalemba muziike pompano kuti Mayi Nabanda nawonso ayese.